Ulendo wa Mau Atsopano

Lero m'phunziro lathu la mbiri yakale tikamba za alendo amene sanyamula katundu, sakwera basi, ndipo pa malire a dziko palibe amawafunsa ciphaso. Alendo amenewa ndiwo mau atsopano. Akulu anu amene ali ndi mafoni amafika nao kunyumba, inu nkuwatola, mawa lake nkubwera nao kusukulu. Kuti timvetse mmene mau otere amayendera pa masamba a mcezo monga Facebook, WhatsApp ndi TikTok, tiyambe tabwerera m'mbuyo, pakuti mau anayamba kuyenda kalekale foni isanabwere.

Tayang'anani kumapazi kwanu. Ngati mwabvala nsapato, mwabvala liu la Cipwitikizi, pakuti Apwitikizi amati "sapato". Kalata ndi "carta" yao, cipewa ndi "chapéu", mbatata ndi "batata". Anthu amenewa anali ndi misika m'mbali mwa Zambezi, ku Tete ndi ku Zumbo, tsidya lina la Feira, kumene lero timati Luangwa. M'caka ca 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete napyola dziko la Amaravi, kulinga kwa Mwata Kazembe, ndipo anamwalira komweko. Dzina lake linalembedwa m'mabuku, koma amene anagwiradi nchito yofalitsa mau ndi anthu amene maina ao sanalembedwe: amtengatenga, omasulira, ndi amalonda a nsalu ndi minyanga, amene ankagona m'midzi, kudya pamodzi ndi eni mudzi ndi kuceza nao pamoto madzulo. Liu linkayenda monga ayendera munthu wosenza katundu pamutu. Kuti licoke ku Zambezi ndi kukhazikika m'midzi ya kutali, pankapita zaka, mwinanso mbadwo wathunthu.

Kucokera ku gombe la kum'mawa kunabwera mau a Ciswahili, ena kale, ena pambuyo pake. Muzu wa liu lakuti ndalama uli m'Ciarabu, m'dzina la khobidi lochedwa "dirham". Ndege m'Ciswahili ndi mbalame. Galimoto ndi "gari", ndiko kuti ngolo, kuphatikiza moto. Boma ndi linga kapena mpanda wolimba, ndipo popeza atsamunda ankamanga maofesi ao m'kati mwa malinga, dzinalo linasamukira kwa olamulira. Mwina munamvapo kuti liuli ndi cidule ca mau anai a Cingerezi. Imeneyo ndi nthano cabe yopekedwa pambuyo, pakuti Aswahili ankati boma Angerezi asanayambe kulamulira maiko ano. Angoni ataoloka Zambezi m'caka ca 1835 anatibweretsera nduna, ndipo amishoni anatibweretsera sukulu ndi buku.

Njanji ndi migodi zinafulumiza zinthu. Sitima ya pamtunda inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, m'caka ca 1906, ndipo amuna zikwizikwi anacoka m'midzi kukagwira nchito ku Wankie, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi yathu ya mkuwa. Pansi pa mgodi panakumana anthu a zinenero zambiri, ndipo akapitao ankawalamula m'Cilapalapa, cinenero cosakaniza Cizulu, Cingerezi ndi Cibunu. Basopo anacokera ku mau a Cibunu akuti "pas op", buluku ku "broek". Ngakhale dzina lakuti machona, la amuna aja amene anapita osabweranso, muzu wake uli m'zinenero za kumwera. Tsono ganizirani mwamuna wobwera ku Joni, atabvala jekete, atanyamula sutukesi, mwina akukankha njinga yatsopano. Ana a m'mudzi ankamuzinga ndi kutsanzira mayendedwe ake ndi mau ake omwe. Apa pali cinthu cimene sicinasinthe mpaka lero: anthu amatola liu kwa munthu amene amamusirira.

Lusaka atakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, Cinyanja cinakhala cinenero ca apolisi ndi ca pamsika, ndipo cinasakanizika ndi Cinsenga, Cibemba, Cingerezi ndi zina, mpaka panabadwa Cinyanja ca m'tauni cimene cimati "nifuna" m'malo mwa "ndifuna", ndi "manje" m'malo mwa "tsopano". Cikumbukireni cimeneci, tibwereranso kwa ico.

Kenaka kunabwera wailesi. Kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati. Poyamba anthu akuda okhala ndi wailesi anali owerengeka, kufikira caka ca 1949 pamene mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo, yoyendera batire. Inali yobulungira ngati sefuliya, ndipo anthu anaicha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5. Kuyambira pamenepo liu limodzi lonenedwa mu Lusaka linkamveka usiku womwewo ku Chipata, ku Mongu ndi ku Blantyre. Oimba monga Alick Nkhata, ndipo pambuyo pake osimba nthano monga Julius Chongo wa "Poceza m'Madzulo", anafika m'nyumba zimene phazi lao silinapondemo. Misonkhano ya ndale nayonso inayendetsa mau. Omenyera ufulu ankapfuula kuti "Kwacha!" khamu nkuyankha kuti "Ngwee!", ndipo mau awiriwa anakhazikika kotero kuti m'caka ca 1968 anakhala maina a ndalama zathu. Komabe pa wailesi olankhula anali ocepa, omvera ambiri. Munthu wa ku Petauke ankatha kulandira liu latsopano, koma kuti lake limveke ku Lusaka anafunika kulemba kalata ndi kudikira.

Intaneti inafika m'Zambia m'caka ca 1994, kudzera pa Yunivesite ya Zambia, ndipo dziko lathu linali limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa. Pa zaka zoyambazo inali ya anthu ocepa a m'maofesi. Cimene cinafika m'manja mwa anthu wamba ndi foni ya m'manja. Uthenga umodzi wolemba pa foni sunkapitirira zilembo 160, ndipo uliwonse unali wolipira, cotero anthu anaphunzira kudula mau kuti asunge ndalama. Facebook inayamba m'caka ca 2004, Twitter mu 2006, WhatsApp mu 2009. M'mwezi wa July 2014 kampani ya Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kuyesamo njira yochedwa Internet.org, imene inalola ogwiritsa nchito Airtel kulowa pa Facebook ndi masamba ena ocepa osalipira. Pa masamba otere aliyense ndi muulutsi. Anthu amasonkhana m'magulu, ena a mpira, ena a chalichi, ena a malonda, ena a anthu ocokera mudzi umodzi, ndipo gulu lirilonse limakhala ngati bwalo limene silitsekedwa usana ndi usiku.

Pali cinthu cina cacikulu kwa ife ophunzira mbiri yakale. Liu lonenedwa pamoto limapita ndi mphepo, ndipo palibe angatiuze tsiku limene munthu woyamba anati nsapato. Koma liu lolembedwa pa intaneti limasiya mapazi, pamodzi ndi tsiku ndi malo. Kwa nthawi yoyamba akatswiri a zinenero atha kulondola liu monga mlenje alondola nyama.

Tiyeni tilondole limodzi. Liu la Cingerezi lakuti "selfie" litanthauza cithunzi cimene munthu wadzijambula yekha. Ofufuza atabwerera m'mbuyo analipeza litalembedwa m'mwezi wa September 2002 pa bwalo la makambirano la nyumba youlutsa mau ya ku Australia, ya ABC. Mnyamata wina anagwa nadzipweteka mlomo, najambula bala lake, napepesa kuti cithunzico sicinaoneke bwino popeza anadzijambula yekha. Anthu a ku Australia amakonda kufupikitsa mau ndi kuwamaliza ndi "-ie", cotero kwa iye silinali liu lodabwitsa. Cocititsa cidwi ndi cakuti linakhala pafupifupi zaka khumi osamveka kwenikweni. Linadzuka pamene mafoni okhala ndi kamera yoyang'ana mwini wake anaculuka, ndiponso tsamba la zithunzi la Instagram litayamba mu 2010. Anthu mamiliyoni anayamba kucita cinthu cimene cinalibe dzina, ndipo dzina linali likudikira kale. M'caka ca 2013 olemba madikishonale a Oxford anati m'miyezi 12 yokha kugwiritsidwa nchito kwa liuli kunawirikiza pafupifupi ka 170, nalisankha kukhala liu la caka cimeneco. Liu limakula pamene anthu alifuna, monga mbeu igona m'nthaka kudikira mvula.

Nanga amalinyamula ndani? M'zaka za m'ma 1970 James ndi Lesley Milroy anafufuza kalankhulidwe ka anthu a m'makomboni a mzinda wa Belfast, ku Northern Ireland. Anapeza kuti anthu okhala mothithikana, amene abale ao, anansi ao ndi anzao a kunchito ali anthu amodzimodzi, amasunga kalankhulidwe kao kakale. Zatsopano zimalowa ndi munthu amene ali ndi phazi limodzi m'gulu ili, lina m'gulu lina. Kwathu kuno munthu wotere anali wamtengatenga uja, wobwera ku migodi uja, ndipo m'matauni ndi kondakitala wa minibasi, amene amalankhula ndi anthu mazana tsiku limodzi. Pa foni ndi mlongo wanu amene ali m'gulu la kwaya, m'gulu la anzake a ku sekondale ndi m'gulu la acibale, ndipo cimene camuseketsa uku amacitumiza uko.

Wina angaganize kuti popeza intaneti ifika ponseponse, liu limamwazika mofanana ngati fumbi. Ofufuza anapeza zosiyana ndi zimenezo. M'caka ca 2014 Jacob Eisenstein ndi anzake atatu anafalitsa zimene anaona atasanthula ndi makompyuta mauthenga 107 miliyoni a pa Twitter olembedwa m'mizinda ya ku America. Mau atsopano ankalumpha mzinda wapafupi nkukatera mzinda wakutali umene anthu ake afanana ndi a kumene liulo linacokera, makamaka pa mtundu. Mu 2018 Jack Grieve ndi anzake anaonetsa pa mapu mau 54 amene ankangoyamba kumene kufala m'zaka za 2013 ndi 2014. Anapeza kuti gwero lalikulu la mauwo linali kalankhulidwe ka anthu akuda a ku America, ndipo mzinda wa Atlanta unali umodzi mwa malo obadwira mau ambiri. Nkhani ya liu lakuti "rizz", lotanthauza luso lokopa munthu ndi pakamwa pokoma, ndi yotere. Linachuka ndi Kai Cenat, mnyamata wa ku New York woulutsa masewera ndi nthabwala pa tsamba la Twitch, linaolokera pa TikTok, ndipo mu 2023 a Oxford analisankha kukhala liu la caka. Kawirikawiri liu likafika m'nyuzipepala anthu amaiwala eni ake, nkumati ndi cinenero ca pa intaneti, pamene linali ndi kwao ndi anthu ake.

Aphunzitsi angakonde kumva izi. Mu 2013 ofufuza a ku Stanford ndi anzao anasanthula zolemba za zaka zoposa khumi za magulu awiri akuluakulu a pa intaneti. Anaona kuti munthu akangolowa m'gulu amatola msanga mau ake kuti asaoneke mlendo. Pakapita nthawi amaleka kutola, gulu nkupitirira ndi mau ena, iye nkutsala ndi akale mpaka kucoka. Tonse tikudziwa mkulu wina amene mpaka lero amanena mau amene anali apamwamba pa unyamata wake, ndipo ana amaseka camseri. Anawonso adzasekedwa ikadzafika nthawi yao.

Tsopano tibwerere kwathu. Pa cisankho ca 2011 mau akuti "donchi kubeba", theka Cingerezi theka Cibemba, otanthauza kuti usawauze, anafala ndi nyimbo, wailesi ndi misonkhano. Patapita zaka khumi njira inali itasintha. Acinyamata a m'matauni anali ndi liu lakuti "bally", lotanthauza bambo, ndipo pa masamba a mcezo analipereka kwa Hakainde Hichilema monga dzina losereula. Cinathandiza ndi kacizindikiro aka #, kamene Chris Messina anapempha anthu a pa Twitter mu 2007 kuti aziika kutsogolo kwa liu. Kamagwira nchito ngati mbendera: ukakakhudza, mauthenga onse okhala ndi liulo amasonkhana pamodzi. Pofika cisankho ca August 2021, ngakhale agogo amene sanagwirepo foni yotere anali atalimva dzinalo. Mau akuti Zed, kutanthauza Zambia, ndi Kopala, kutanthauza cigawo ca migodi ya mkuwa, nawonso amakondedwa kwambiri pa masambawa, makamaka ndi Azambia okhala kunja amene afuna kudziwana. Kucokera ku South Africa kunabwera "amapiano", dzina la nyimbo zobvina zimene poyamba anyamata a m'makomboni a ku Johannesburg ndi Pretoria ankatumizirana pa mafoni. Taonani mmene linapangidwira: piyano wa azungu wabvekedwa "ama-" wa Cizulu.

Cinyanja naconso cimabveka alendo ake zobvala zake. Timati foni, mafoni, gulupu, magulupu. Timati kuposita, kulaika, kubuloka, ndipo liu likangolandira "ku-" kutsogolo ndi "-a" kumapeto limayamba kumvera malamulo athu onse. Munthu amati anandibuloka, tinabulokana, ndabulokedwa, ndipo Mngerezi atamva sangazindikire kuti liulo linali lake. Makolo athu anacita cimodzimodzi ndi kusaina ndi kupenta. Nthawi zina oulutsa mau amayesa kupanga dzina lathulathu. Mau akuti masamba a mcezo, amene tagwiritsa nchito m'phunziro lino, amamveka kwambiri pa mawailesi a ku Malawi, ndipo ndi okoma. Koma si onse amapambana. Matenda a korona atafika m'Zambia m'mwezi wa March 2020, sukulu nkutsekedwa, panamveka maina awiri a cinthu cimodzi: cophimba pakamwa ndi pamphuno, ndi masiki. Loyamba linali lomveka bwino, koma cala colemba pa foni cimakonda liu lalifupi, ndipo pamsika munkamveka masiki.

Cinyanja ca m'tauni cija cinakhala zaka zambiri ciri ca pakamwa pokha. M'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'mayeso munali Cinyanja ca kusukulu, cimene kalembedwe kake Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa m'caka ca 1977. Foni ndiyo inacititsa kuti anthu zikwi mazana ayambe kulemba monga alankhulira, popanda mphunzitsi wocongera. Pa tsamba limodzi mudzapeza wa ku Lusaka akulemba "vintu", wa ku Katete "zinthu", ndi wa ku Lilongwe akulemba "chifukwa" pamene ife timalemba "cifukwa", pakuti ku Malawi, kumene cineneroci cinachedwa Chichewa kuyambira 1968, ali ndi kalembedwe kao. Onsewa amamvana bwinobwino. Facebook ndi TikTok salola ana osakwana zaka 13, ndipo ambiri a inu mulibe mafoni, komabe mauwo amatuluka m'foni, kulowa m'kamwa mwa mkulu wanu, nkufika m'cimangirizo cimene mulembera aphunzitsi.

Apa ndipo pagona nkhawa ya aphunzitsi ambiri. Ine ndiona kuti kukalipira mwana cifukwa walemba "nifuna" sikuthandiza, pakuti mwanayo sanalakwe kumva. Walemba cimene amamva kunyumba tsiku ndi tsiku. Cofunika ndi kumuonetsa kuti munthu amakhala ndi zobvala za kumunda ndi za kuchalichi, ndi kuti kalata yopempha nchito kapena yankho la mayeso lifuna Cinyanja ca m'buku. Nkhawa yanga yaikulu iri pa mau amene palibe amawalemba pa foni: nkhokwe, licero, munsi, cipande, nsupa. Mau otere amazilala mwakacetecete pamene zinthu zake zicoka pakhomo, ndipo mwana wa m'tauni angathe kumaliza sukulu osawamvapo.

Kufulumira kumeneku kuli ndi mbali yowawa. Dzina lonyoza limayenda pa njira yomweyo imene liu losangalatsa limayendamo. Kale mwana akapatsidwa dzina loipa linkathera m'mudzi mwake, ndipo akasamuka ankalisiya. Tsopano dzina lolembedwa pansi pa cithunzi lingafike kwa anthu zikwi dzuwa lisanalowe, ndipo ngakhale wolembayo alifafanize, ena amakhala atalisunga kale. Mapazi aja amene amakondweretsa ofufuza ndi omwewo amene amalondola mwana wonyozedwa kusukulu yake yatsopano.

M'caka ca 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza dikishonale yaikulu ya Cimang'anja, ndipo cifukwa ca iyo tidziwa mau amene ankamveka masiku amenewo. Mau a Cingerezi a pa intaneti ali ndi owalondola ambiri ndi makompyuta amphamvu. Athu ali ndi ocepa, ndipo zambiri zimene timalemba pa WhatsApp zimatha pamene foni yatayika kapena yafa. Cotero aphunzitsi, patulani kope limodzi likhale la kalasi lonse. Mwana akamva liu lacilendo alembe liulo, tanthauzo lake, tsiku, ndi kumene walimva, kaya ndi pa minibasi, pa wailesi kapena kwa mlongo wake. Kumbuyo kwa kopelo mulembe mau amene agogo amanena koma ana sawadziwa. Pakutha pa caka muwerenge pamodzi mau a m'mwezi wa January, ndipo ana aike cizindikiro pa liu lirilonse limene likumvekabe pabwalo la sukulu.